Injini ya Hyundai m'Chifuwa cha Chevrolet

Tinaizula Lachiwiri dzuwa lisanakwere,
pa tcheni chomangirira kunthambi ya mango
kuseri kwa nyumba yathu ku Matanzas:
ine, Osniel wowotcherera, ndi mlamu wanga Dagoberto
amene amadziwa kutukwana kuposa kugwira sipanala.
Inatuluka ikudontha oyilo wakuda bii,
masilinda asanu ndi limodzi, zaka makumi asanu ndi awiri,
yolemera ngati ngongole.

Bambo anga, a Eulogio, maso anachita khungu kalekale.
Anakhala pakhonde, chipewa pabondo,
kumvetsera tcheni chikulira.
"Mukuichotsa mtima," anatero.
"Mtima wake ndi chidakwa, bambo.
Malita khumi ndi asanu kupita ku Varadero n'kubwerako.
Tidzadya chiyani, utsi?"

Yatsopanoyo si yatsopano ayi.
Ndi ya dizilo, yochoka m'kalole kamene kanagubuduzika
ndi matumba a mpunga panjira ya ku Cárdenas.
Ndinaigula ndi ndalama za mchemwali wanga wa ku Tampa,
kuwonjezera ndolo za malemu mayi.
Za ndolozo bambo sindinawauze.

Koma chitsulo cha ku Korea sichimva chinenero cha ku Detroit.
Mabowo a mabawuti anakhala ngati mkamwini ndi apongozi,
pafupi pomwepa, osayang'anana.
Giyabokosi inakana kwamtuwagalu.
Mimba ya oyilo inagunda mtanda wa chasisi.
Osniel anadula mbale pachitsulo cha boti lakufa la kudoko,
kulemba mabowo ndi choko, kuboola, kuphonya,
kutseka, kuboolanso.
Masiku asanu ndi anayi.
Magetsi akathima tinkakhala pansi kusenda malalanje,
akayaka pakati pa usiku tinkadzuka ndi tulo m'maso,
moto ukuthetheka pansapato zathu.

Rediyeta inachokera m'thirakitala ya ku Russia.
Mapilo okhazikapo injini tinasema patayala lakutha.
Shafuti tinaidula zala zinayi.
Muvi wa liwiro wokha unatikanika:
mpaka lero umaloza ziro
ngakhale mphepo ikukuvula chipewa.

Loweruka ndinapotoza kiyi.
Inatsokomola. Zii. Inatsokomolanso,
kenaka gugugugu, malata onse kunjenjemera,
nkhuku kubalalika,
Dagoberto kulira misozi, kutukwana akulirabe.
Ndinafika nayo pamlatho wa San Juan,
kukhota, kubwerera, kuima pakhomo pathu.

Bambo sanadzuke.
Zaka zonsezi ankaimva ikadali pakona ya ophika buledi
n'kuyamba kufufuza ndodo pansi pa mpando.
Tsiku limenelo anangotembenuza khutu
n'kufunsa mwaulemu, ngati akulankhula ndi mlendo:
"Kodi ndi lole ya madzi?"

Ndinawagwira dzanja, kutsika nawo masitepe awiri.
Anasisita boneti, chitseko, chogwirira,
mpaka chala chinapeza chipsera chija
chimene anachipanga okha pachipilala cha tchalitchi
usiku umene ine ndinkabadwa.
Anaima pamenepo nthawi yaitali,
thupi lonse la galimoto likuwagwedeza mkono.
"Ndi iyeyo," anatero.
"Koma ndani wam'phunzitsa kulankhula chonchi?"

Lolemba ndinaima pamzere kuyambira m'bandakucha
kukalembetsa nambala ya injini m'mabuku a boma.
Tsopano ndimanyamula anthu asanu ndi mmodzi ulendo umodzi,
wachisanu ndi chiwiri ngati ndi woonda,
ndipo madzulo m'thumba mumatsala kanthu.

Yakale ija ili pansi pa mango, yofunda lona.
Wina wa ku Jovellanos anabwera ndi ndalama m'manja,
bambo anamubweza asanakhale n'komwe.
M'mawa uliwonse, ndisanapite kukasaka anthu,
amandiitana: "Odalmis, kaipukuse kaye, ingaume."
Ndimagwada pamasamba, kukoleka sipanala yaikulu,
kuzungulitsa kawiri, katatu.
Imapuma pang'ono, fuu, fuu, m'mabowo a mapulagi.
Iwo amamvetsera ali pakhonde,
kenaka amati, "Basi, pita, uchedwa."